Mtsiro wa Pakati pa Miyala Iwiri

Chinali chaka cha 2018, ndili ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zinayi. Ntchito yomanga nyumba ndinali nditaisiya, koma manja anali asanafooke. Chaka chimenecho ndinamanga nyumba imodzi yokha, ya mdzukulu wanga wamkazi, amene ukwati wake unayenera kuchitika mvula isanagwe.

Ine kwathu ndi kwa Nsamala, ku Balaka. Makolo athu anachokera ku Mozambique atanyamula makasu okha. Sukulu ndinalekera Sitandade 5. Kuno ku Machinga, m'munsi mwa phiri, ndinabwera kudzakwatira. Ndakhala pano zaka zoposa makumi anayi, nyumba zambiri za njerwa m'mudzi muno zinatuluka m'manja mwanga, komabe ndine mkamwini. Munda ndi wa akazi anga. Khwawa la kuseri kwa munda ndi la mbumba yawo. Zimenezi musaiwale.

Khwawalo limauma m'chilimwe. Pakhoma lake pali miyala iwiri yosiyana, wina woyererako, wina wakuda, ndipo pakati pake padutsa mzere wa dothi lotuwa, wochindikala ngati chikhatho. Dothi limenelo ndiwo mtsiro wa banja la akazi anga. Akazira nalo pansi nkukulungiza ndi mwala, nyumba imawala ngati munthu wathira simenti. Mwana wamkazi aliyense wa banjali analowa m'nyumba yake yoyamba akuponda mtsiro umenewo. Amayi a mbumbayi anakumba zaka ndi zaka mpaka paliponse pofika mkono panasanduka mphako. Panatsala chigawo chimodzi chofikirika, chotalika ngati mikono iwiri, ndipo ankasungira mdzukulu wangayo.

Mwamuna sakumba mtsiro. Ine ndinali ndisanaukhudzepo.

Tsiku lina galimoto inaima pamsewu, ndipo munatsika mayi wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, atavala jombo ndi chipewa, hamala ili m'manja. Anati ntchito yawo ndi yofufuza za miyala, achokera ku sukulu ya ukachenjede, ndipo akulondola mng'alu umene wadutsa m'munsi mwa phiri lonseli. Kwa amfumu anali atadzerako kale. Anandipatsa moni mwaulemu napempha kudutsa m'munda. Ndinawaperekeza. Sikunali kukoma mtima. Sindikonda mlendo woyenda yekha pafupi ndi chinangwa.

Titatsikira m'khwawa, mayiwo anaona mzere wa dothi uja. Anagwada. Anatsina pang'ono, napekesa ndi zala, kenaka nkuika pakati pa mano. Alamu anga, akulu ake a akazi anga, ankatola nkhuni pamtunda ndipo anaona zonse.

"Alamu, mlendo wanuyo ali ndi pakati," anatero. "Mukawatengere la pachulu, ndilo lokoma."

Mayiwo anaseka, nati akumvera mchenga ndi mano, ndipo mulibe ndi pang'ono pomwe. Atatero anandiuza kuti ndigwade nawo. Sindigwada kawirikawiri kunja kwa tchalitchi. Ndinagwada.

Anandifotokozera kuti dziko lathuli likukokeka pang'onopang'ono, mbali ina uku, ina uko, ndipo pamene tagwadapo ndi pamodzi mwa malo amene linang'ambika. Mwala woyererawo ndi wa kuphiri. Wakudawo ndi wa kuchigwa cha Shire, ndipo wakhala ukutsika, ukukhula mnzakeyo, kuyambira kalekale anthu kulibe. Anagwira dzanja langa nalisisititsa pa mwala wa kuphiri. Unali wosalala ngati mbale, koma uli ndi timizere, tonse toloza pansi. Potsitsa dzanja linkatsetsereka. Polikweza mwala unkakana. Anati mmenemo ndi mmene mwala unzake unadutsa. Dothi la pakatilo si la m'munda ayi. Ndi mwala umene unaperedwa ndi miyala inzake mpaka kusanduka ufa, madzi nkudzaufewetsa.

Ndaswa miyala ya maziko moyo wanga wonse. Sindinkadziwa kuti mwala umayenda. Ndinasisita timizere tija kangapo, ndipo mayiwo atanyamuka ine ndinali chigwadire.

Titabwerera pakhomo anapempha njerwa ndi mphira. Mphira ndinadula ku chubu cha njinga yanga, chabwinobwino, osaganiza kawiri. Anayala njerwa pansi ngati kanjira, naika ziwiri zosanjikiza pamwamba pake, namangirira mphira ku yapansi. Anati ndikoke pang'onopang'ono, osafulumira, osaima. Ndinakoka. Mphira inatamuka, njerwa zili phee. Inatamukabe. Mwadzidzidzi njerwa zinalumpha, nkuimanso pomwepo. Ndinakokabe. Zinakhala, zinakhala, nkulumphanso.

"Chivomezi ndi chimenecho, bambo," anatero.

Kenaka anatenga kadothi kamene anatola kotayika pansi m'khwawa muja, nakanyowetsa, nakapaka pa kanjira kaja. Nditakoka, njerwa zinabwera zokha ngati nkhono, osalumpha.

Anati funso lawo lagona pamenepo. Pansi pathu pano, kodi miyala ikutsetsereka mwakachetechete, kapena yagwirana nkumasunga mphamvu ngati mphira ija? Kuntchito kwawo kuli makina amene amapanikiza dothi ngati lili pansi pa phiri, nkulikankha, nkuyeza ngati likutsetsereka kapena kulumpha. Anandichenjeza kuti chivomezi chimayambira pansi kwambiri, kotentha, kumene munthu sangafike, ndipo dothi la pamwamba silinena zonse. Koma ndilo limene dzanja lingatenge.

Zaka zingapo m'mbuyomo chivomezi chinadutsa kuno. Mbale zinalira m'nyumba, nkhuku zinabalalika. Khoma la nyumba ina imene ndinamanga linang'ambika kuchokera pawindo mpaka pansi, ndipo anthu anati ndinachepetsa simenti. Tsopano ndinapempha mayiwo kuti akanene pa gulu kuti cholakwa chinali cha mwala, osati cha mmisiri. Anakana. Anati khomalo sanalione, ndiponso sakudziwa ngati unali mng'alu uno umene unasuntha kapena wina wa kutali. Sanena chimene sanayeze. Ndinakhumudwa, koma ndinawalemekeza. Inenso sindinena kuti khoma lawongoka ndisanaikepo levulo.

Chimene ankafuna chinali chigamphu cha dothilo chosasweka, mmene chakhalira pakati pa miyala yakeyo. Anati mkati mwake muli timizere tating'ono tooneka ndi galasi lokha, tosonyeza mmene miyala inaperekerana, ndipo khasu likangolowamo zonse zafufutika. Tsiku limenelo analibe zitini zodulira ndi guluu wolimbitsira. Anati abwerera mvula isanayambe, chifukwa madzi akadzaza m'khwawa dothi lija lipita. Makhwawa ena onse amene anayendamo, mzerewo unali utakwiririka kapena kukokoloka. Apa pokha ndi pamene unaoneka bwino. Anafunsa ngati chigawo chotsalacho chingadikire.

"Palibe adzachikhudze," ndinatero.

Ndinalonjeza chinthu chimene sichinali changa. Ndinkadziwa. Koma m'manja mwanga munali mukadali kulumpha kwa njerwa kuja.

Akazi anga anamva nkhaniyi akusesa pabwalo. Sanasiye kusesa. Anafunsa kuti kodi dothilo ndinabwera nalo kuchokera kwa Nsamala m'thumba la malaya. Ndinati iyayi. Anafunsa ngati ndinaonapo mwana wa banja lawo akulowa m'nyumba yozira ndi dothi wamba. Ndinati iyayi. Anati ndiye palibe nkhani, Loweruka amayi akukakumba.

Ndinawaitana kuti adzaone njerwa. Ndinakoka mphira, zinalumpha. Ndinapaka dothi, zinatsetsereka. Ndinafotokoza zonse mmene ndinamvera, mwina kuposerapo. Anayang'ana tsache lili m'manja.

"Abambo, mwadula chubu kuti mudziwe kuti mtsiro wonyowa umaterera? Mukanandifunsa. Munagwapo chagada chaka chimene tinakwatirana."

M'mawa mwake ndinazula lata pa khola la nkhuku, ndinakavundikira chigawo chija, ndinatsamiritsa miyala ikuluikulu, pamwamba nkuika minga. Ndinasamutsa mpando wanga kukauika pansi pa mtengo wa m'mbali mwa khwawa. Ndinatengera komweko njerwa ndi mphira. Aliyense wodutsa ndinkamuimitsa kuti akoke. Amuna ankabwera kudzandiseka, koma akagwira mphira ankasiya kuseka, njerwa zikalumpha nkupempha kubwereza. Wina anati tiyese ndi mchenga. Tinayesa. Wina anati tiwonjeze njerwa pamwamba, ndipo zinachedwa kusuntha, koma polumpha zinalumpha kwambiri. Tinayesa dothi louma, phulusa, madeya. Tsiku lina ndinasanjikiza njerwa zisanu. Mphira inatamuka mpaka ndinafika pamtengo, ndipo zitalumpha yapamwamba inatera pa chala changa chachikulu. Chikhadabo chinachoka. Ndinamanga kansanza nkupitiriza, chifukwa ndinafuna kuona ngati zichitanso chimodzimodzi. Sizinachite. Palibe ulendo umene tinatha kunena kuti zilumpha tsopano. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake anthu ophunzira sanganene tsiku la chivomezi, ndipo ndinakondwa ngati ndatola kanthu panjira.

Loweruka amayi anabwera ndi makasu ndi mabeseni, alamu anga ali patsogolo. Ndinakhala pampando. Alamu anati mkamwini wakalamba mpaka waiwala kumene anachokera. Anati mwina ndikufuna kukwatira mayi wa jombo uja, ndiye chiwongo chake ndi dothi. Amayi anaseka. Ndinati aliyense amene akufuna kukumba ayambe wandichotsa ine. Palibe mkazi angagwire mwamuna wa mng'ono wake nkumukoka. Anabwerera, koma ndinkadziwa kuti sindingakhale pampando mpaka mvula, ndipo nyumba ya mdzukulu inali ikadali fumbi pansi.

Madzulo amenewo akazi anga ananena mawu awo. Anati sakufuna kuti ndichite manyazi pamaso pa mlendo, ngakhale manyaziwo ndawapala ndekha. Dothi lotuwa alisiya, ngati ine ndibweretse mtsiro wina wokwana nyumba yonse, wabwino, woti iwo auvomereze ndi zala zawo. Osati wa m'madambo a kuno, umene amautenga aliyense. Anati popeza ndapereka dothi la kwawo, ndibweze ndi dothi la kwathu. Ndikatenge kwa Nsamala. Ndinyamule ndekha.

Ankaganiza kuti ndikana. Mwamuna wa imvi, mmisiri, kunyamula mtsiro kuwoloka nawo Shire. Ndinapempha mawu awo kuti palibe akumbe ine kulibe. Anandipatsa.

Ndinaika chubu china ndi kunyamuka panjinga. Kwa Nsamala kuli mlongo wanga, amene anatsala pa malo a amayi athu. Nditamuuza chimene ndabwerera anaseka mpaka anakhala pansi. Anati zaka zonsezi achimwene sabwera popanda maliro, lero abwerera dothi. Ndinamufotokozera za miyala iwiri, ndipo ndinamusonyeza ndi njerwa za pa mafuwa ake. Anati adzandikumbira m'mawa pamalo pamene amayi athu ankatenga. Ndinakana. Ndinati ndakumba maziko a nyumba zosawerengeka, dambo silingandivute. Ndinasankha ndekha pakuda kwambiri, ndinadzaza thumba, ndinalimanga pa kaliyala.

Ulendo wobwerera sindiufotokoza wonse. Pachigwa ndinapalasa. Nditawoloka mlatho wa pa Liwonde msewu unayamba kukwera, ndipo kuyambira pamenepo ndinakankha. Koma ndinene ichi: ndili pa mlathowo ndinayang'ana mapiri a ku Machinga, kwathu kwachiwiri, ndipo ndinawaona mwatsopano. Phiri laima chilili, chigwa chagona pansi, pakati pake mzere wowongoka ngati wokoka ndi chingwe. Ndadutsa pamenepo kuyambira ndili mnyamata osauona. Ndinaima, thumba likulemera, ndikudziuza kuti ndaima pa njerwa imene ikutsika.

Ndinafika miyendo itatopa. Akazi anga anamasula thumba, anatsina pang'ono, ananyowetsa, napekesa ndi zala. Kenaka anaika pakati pa mano, monga anachitira mayi uja, akundiyang'ana.

"Mchenga," anatero. "Uwu ukauma ung'ambika. Mukamangire khola."

Ndinalawa nanenso. Unalira m'mano.

Ndinapuma mpaka miyendo itabwerera, nkupitanso. Ulendo uno ndinakwera minibasi pa Boma. Nditafika ndinamuuza mlongo wanga za mchenga uja. Anangotenga khasu, nanditsogolera kupyola pamene ndinakumba paja, kufika pakona ya dambo pomera udzu wina, nachotsa dothi la pamwamba, nkukumba la pansi pake. Linali lakuda bii, lofewa ngati sopo. Ndinaliika pamano. Zii. Tinadzaza matumba awiri.

M'minibasi kondakitala ananyamula thumba limodzi nafunsa kuti muli chiyani, mchere kapena feteleza. Ndinati dothi. Anafunsa ngati ku Machinga dothi linatha. Mayi wina kumbuyo anati madalawa akusamutsa mudzi pang'onopang'ono, ulendo wamawa anyamula chitsime. Ndinadikira kuti amalize kuseka. Kenaka ndinawauza kuti chigwa chimene tikudutsachi chikutsika, phiri likutsala, ndipo ndikhoza kuwasonyeza pamene miyala yake yakhulana. Ena anaseka. Koma mphunzitsi wina amene anakhala pambali panga anafunsa dzina la mudzi, ndipo patapita nthawi anabweradi ndi ana a sukulu. Imeneyo ndi nkhani ina.

Nditatsika ndinasiya matumba pamsewu nkuthamangira kukhwawa, chifukwa mtima sunali m'malo. Ndili patali ndinaona minga itatayidwa kumbali. Miyala inali itagubuduzidwa. Lata linali litasunthidwa, ndipo pamwamba pa latalo panakhala akazi anga, miyendo atatambasula, akusankha nandolo m'lichero.

Anandiuza osadzutsa mutu. Alamu anga sanalonjeze kanthu kwa munthu aliyense. Atamva kuti ndapitanso, anatsika m'mawa ndi khasu lawo. Akazi anga anamva kugunda kwa khasu ali kumunda, ndipo pofika theka linali kale m'beseni. Sanakangane nawo. Munthu sakangana ndi akulu ake pa dothi la amayi awo. Anangokokera lata pa chotsalacho nkukhalapo. Alamu anawauza kuti adzuke. Iwo anati atopa, akupuma. Anatuma munthu kukawatengera nandolo. Anakhala pamenepo tsiku limenelo ndi lotsatira lake, kuchoka dzuwa likalowa, kubwerera lisanatuluke.

Ndinafuna kunena kanthu kowathokoza. Anandidula.

"Sindikulondera dothi lanu, abambo. Ndikulondera mawu anga. Mtsiro mwabwera nawo?"

Tinakatenga matumba. Anatsina, anapekesa, analawa. Anati uwu sindinakumbe ndine. Ndinavomera. Anati ndi wabwino.

Alamu anakana kupereka limene anakumba lija. Anati ngati nyumba ya mwana izira ndi dothi la akamwini, ndiye la makolo azirira khonde lawo. Anaterodi. Amayi ena anazira nyumba ya mdzukulu ndi mtsiro wa kwa Nsamala. Inatuluka yakuda, yowala, yopanda mng'alu. Mdzukuluyo anabwera kwa ine nati zilibe kanthu, agogo, pansi ndi pansi. Ndinaona kuti akunena pofuna kundisangalatsa.

Chimene chinatsala pansi pa lata chinali chotalika kuchokera pa chigongono kufika kunsonga ya zala. Ndinabwezera mpando wanga. Ukwati unachitika, ndinavala jekete, ndinadya, ndinabwerera kukhwawa. Kutentha kunakula. Mitambo inayamba kusonkhana pamwamba pa phiri masana aliwonse nkubalalika. Mayi uja osaoneka. Amuna amene ankakoka nane mphira anayamba kunena kuti anthu a m'tauni amalonjeza ndi pakamwa pokha. Ndinati munthu amene anakana kundinamiza za khoma langa sangandinamize za ulendo. Ndinamanga kakhoma ka miyala kumtunda kwa lata kuti madzi oyamba akadzabwera apatuke. Ndinkadziwa kuti madzi achiwiri sikadzawaletsa.

Anabwera mphepo itayamba kununkha mvula. Anapepesa, anati galimoto ya kuntchito inali ku ulendo wina. Ndinachotsa lata. Anayang'ana, ndipo ndinaona kuti aona kuchepa kwake. Ndinawauza kuti ndinalonjeza mikono iwiri, ndasunga umodzi. Akazi anga anali ataima pamtunda. Mayiwo anayang'ana iwo, anayang'ana chala changa chomanga nsanza, nati anabweretsa zitini zitatu, koma apa pakwana ziwiri, ndipo ziwiri si zochepa.

Anthu anadzaza m'mbali mwa khwawa. Mayiwo anayamba ndi kuika kampasi, kachida kolozera kumpoto, pa mwala wosalala uja, kuyeza kumene wapendekera ndi kumene timizere taloza. Anajambula zithunzi. Anasesa dothi ndi kaburashi kofewa, nathira guluu wa madzimadzi kuti alowe, ndipo tinadikira kuti aume. Kenaka anaika chitini chopanda chivundikiro kukamwa kwake kuli pa dothi, thabwa pamwamba, nandipatsa hamala. Anati ndimenye pang'onopang'ono, iwo agwira. Ndinamenya. Chitini chinalowa bwino mpaka theka, nkukumana ndi kamwala kobisika. Chinapendama. Dothi lonse la mkati linasweka nkukhuthukira pansi ngati ufa.

Alamu anga anati mmisiri wamkulu uja ndi ameneyu.

Panatsala malo a chitini chimodzi. Mayiwo anati tisamenyenso. Anatenga mpeni wopyapyala nayamba kusema mozungulira, kuchotsa pang'onopang'ono, kuti chigamphu chitsale chili chilili chofanana ndi kukamwa kwa chitini. Anasema nthawi yaitali. Thukuta linkagwera pamwala. Kuphiri kunagunda. Ine ndinagwira dothilo ndi zikhatho zonse ziwiri kuti lisagwe, osapuma mokwanira, ndipo ndinkamva kuzizira kwake. Ndinaganiza kuti chinthu chimene ndagwirachi chinali mwala, chinaperedwa kulibe munthu woona, ndipo kuyambira pamenepo palibe anachisuntha. Akazi anga anatsika, anagwada pambali panga, naika manja awo pansi pa anga.

Mayiwo anavundikira chitini, nachikankha ndi zala zokha. Chinalowa mpaka kumapeto. Analowetsa mpeni kumbuyo, nadula, natembenuza. Chinatuluka chathunthu. Pamwamba pake timizere tinkaoneka ndi maso, topindika ngati tsitsi lopesa. Anathira guluu wina, anatseka, anakulunga ndi tepi, ndipo asanachisunthe pamalo pake anajambula muvi woloza kumpoto ndi wina woloza kumwamba. Anati popanda mivi imeneyi chigamphuchi ndi dothi chabe, chifukwa sichingadziwike kuti chinagona motani.

Anandipatsa kuti ndinyamule mpaka kugalimoto. Ndanyamulapo mabokosi a maliro ndi makanda obadwa kumene. Ichi ndinanyamula chimodzimodzi. Anthu anandipatukira njira. Ndinafunsa kuti yankho lidzabwera liti. Anati makina ali ndi mzere wautali, ndipo chigamphu chimodzi sichingayankhe za phiri lonse. Adzachiika pamodzi ndi zina za malo ena. Ndinati palibe kanthu. Njerwa imodzi si nyumba, koma nyumba yopanda njerwa imeneyo ili ndi bowo.

Nditabwerera ndinapeza akazi anga akusesera m'lichero dothi losweka lija, la chitini choyamba ndi zosemasema zonse. Linakwana manja awiri. Analinyowetsa, nakazira nalo pakhomo penipeni pa nyumba ya mdzukulu, kamzere kotuwa pakati pa khonde ndi chipinda, nakulungiza ndi mwala wa amayi awo. Mwanayo amaponda pamenepo polowa ndi potuluka.

Mvula inagwa posakhalitsa. Madzi oyamba anapatuka pa kakhoma kanga. Achiwiri anakatenga. Chilimwe chitabwera ndinatsika kukaona. Miyala iwiri ilipo, timizere tilipo, ndipo ndimasonyeza aliyense wofuna kugwada. Pakati pake pali mphako yokha, yakuya kupitirira mkono. Yankho la makina silinandipeze mpaka lero. Njerwa ndi mphira ndikadali nazo.

Zimene zinatayika ndi izi. Chubu chimodzi cha njinga. Chikhadabo chimodzi, chimene chinameranso chokhota. Njerwa zinayi. Lata limodzi la khola, ndi nkhuku ziwiri zimene chiwombankhanga chinatengera pa bowo lake. Thumba limodzi la dothi la mchenga, limene ndinalikankha kukwera nalo phiri. Theka la mzere, limene lili pakhonde la alamu. Chitini chimodzi mwa ziwiri. Moni wa alamu anga, umene sunabwererebe. Ndi mtsiro wotuwa wa mbumba ya akazi anga, umene mwana wina aliyense wa banjali sadzaupondanso.